Mzere umene udasowa m'kope la alendo

Kudatentha tsiku limenelo pa Kamuzu Road ku Salima, kutentha kwa mu Okutobala kumene ngakhale galu amachita ulesi kuuwa. Ndinkadikira minibasi yoti indifikitse kwa azakhali anga ku Chinguluwe, koma m'minibasimo mudali anthu atatu okha, ndipo inu mukudziwa kuti yotere siyinyamuka msanga. Apo ndi pomwe padaima galimoto yoyera ya hayala. Mudali azungu awiri, bambo ndi mayi, imvi zili mbuu. Adafunsa njira ya ku Nkhotakota. Nditawalozera, adati ngati ndikulowera komweko ndikwere. Nanga mwana wa mphawi nkukana lifiti?

Tili m'njira adandiuza kuti kwawo ndi ku Britain ndipo onse awiri adapuma pantchito. Nyumba yawo adagulitsa. Chisanu chawatopetsa, tsono aganiza zodzathera masiku awo ku Malawi kuno, kumene mayiwo adaphunzitsako zaka ziwiri ali mtsikana. Chidatsala nchimodzi basi: akhale mzinda uti?

Mayiwo adandionetsa kope. Pamwamba adalemba Lilongwe, Blantyre, Zomba, Mzuzu ndi Senga Bay. M'mbali mwake adandandalika zoti ayang'ane: chipatala, magetsi, madzi, udzudzu, bwalo la ndege, intaneti, lendi. Malo alionse ankawapatsa malikisi monga achitira mphunzitsi. Lilongwe adakhoza pa ndege koma adalakwa pa fumbi. Senga Bay adakhoza pa nyanja koma udzudzu udamugwetsa. Mzuzu adamuchotsera malikisi kamba ka mvula, ati ikuwakumbutsa kwawo.

"Inu bambo ndinu mwini dziko," adatero bamboyo. "Mukadakhala ife mukadasankha pati?"

Ndidayankha mongothawa kuti ku Zomba kuli kamphepo kabwino. Adalemba zimenezo m'kope muja, tidapatsana manambala a foni, ndipo adanditsitsa pamphambano pomwe ndimakwerera kabaza. Anthu aulemu ndithu, sadandilakwire kanthu. Koma pakabaza paja mtima wanga udali utawawa, ndipo ndidayamba kudzifunsa chomwe chandipweteka. Kodi nkulakwa kuti munthu asankhe mudzi monga momwe amayi asankhira nsalu pamsika? Kapena ndi nsanje chabe yomwe yandigwira?

Awatu si oyamba kubwera ndi kope lotere. M'chaka cha 1875 amishoni a ku Scotland, mmodzi mwa iwo Dr Robert Laws, adafika pa nyanja yathu ndi sitima ya Ilala nasankha Cape Maclear chifukwa padali doko labwino. Malungo adawaonetsa zakuda, ndipo manda a anzawo ali pomwepo mpaka lero. Mu 1881 adasamukira ku Bandawe, nako sikudawayanje, mpaka mu 1894 adakwera phiri kukakhazikika ku Khondowe. Mu 1876 Henry Henderson, motsogozedwa ndi Tom Bokwito, adasankha malo m'dera la mfumu Kapeni, ndipo malowo adawatcha Blantyre potengera mudzi womwe adabadwira David Livingstone. Mu 1891 Harry Johnston adaika likulu la boma ku Zomba, m'tsinde mwa phiri la madzi ozizira. Nthawi imeneyo azungu ankakhulupirira kuti malungo amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo. Zoti ndi udzudzu zidadziwika mu 1897. Choncho ankathawira kumtunda. Mukaonetsetsa, mizinda yomwe idali m'kope la mayi aja ina mwa iyo idabadwa kuchokera m'makope a agogo awo.

Chimene chidatsatira tikuchidziwa. Atsamunda ena atasankha malo abwino a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu adapatsidwa zikalata zaumwini, ndipo anthu omwe adawapeza pamalopo adasanduka alendo m'minda ya makolo awo. Adayamba kulipira malo ndi thukuta, ndiye thangata ameneyo. Mu Januwale 1915 John Chilembwe ndi anthu ake adadzuka, ndipo mwazi udakhetsedwa ku Magomero. M'makope a atsamunda aja mudali mzere wa nthaka, wa mvula ndi wa malungo, koma munalibe mzere wa anthu omwe adawapeza.

Sindikunena kuti onse adali otero. David Clement Scott adakhala pansi ndi anthu a ku Blantyre naphunzira chinenero chawo mpaka kutulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892. Laws uja adakhala m'dziko muno zaka zoposa 50. Onse adachokera chilumba chimodzi ndi eni minda ya thangata, koma kakhalidwe kawo pakati pa anthu kadali kosiyana. Ndiye kuti nkhani siyili pakhungu kapena pa dziko lomwe munthu wachokera.

Tsono tiyang'ane mbali yathu. Ifenso timasamuka, kungoti sitiyenda ndi kope. Chinguluwe yemweyu ndi mudzi wa anthu obwera. Boma lidatsegula sikimu ya ulimi kuno, ndipo anthu ochokera m'maboma osiyanasiyana adapatsidwa minda kuti azilima thonje. Agogo anga aamuna adachoka ku Ntcheu m'zaka za m'ma 1970 chifukwa kwawo malo adachepa. Sadayerekeze Chinguluwe ndi malo ena alionse. Adamva kuti kuli munda, nanyamula khasu ndi mphasa. Achimwene awo adakwera ndege ya Wenela kupita kumigodi ya ku Joni, ndipo mgodi wake adawasankhira ndi kalaliki. Ena oposa 70 a ulendo wotere adathera pa ngozi ya ndege ku Francistown mu 1974 akubwerera kwawo. Msuweni wanga ndi namwino ku England. Nditamufunsa chifukwa chomwe adasankhira tauni yomwe akukhala, adaseka nkunena kuti, "Achimwene, ine ndidasankha chiyani? Kudapezeka ntchito kumeneko basi." Ndipo kuyambira mu 2006 Mmalawi sangaponde ku Britain popanda chitupa cha viza, chomwe kuti uchipeze uyenera kuonetsa za kubanki ndi umboni woti udzabwerera.

Apa ndi pomwe padali chilonda changa. Wina amafunsa kuti, "Ndikakhale kuti?" pamene wina amafunsa kuti, "Andilola kuti?" Ndipo kusiyanaku sikuthera pachipata cha dziko. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Munthu wolandira penshoni ya mapaundi adadzuka m'mawa mwake ali wolemera kuposa dzulo lake osagwira ntchito iliyonse. Azakhali anga adadzuka thumba la feteleza litawathawa. Anthu awiriwa atha kukhala moyandikana, kumwa madzi a pamjigo umodzi, koma tsoka la mmodzi ndi mwayi wa mnzake.

Komabe ndikadzifunsa moona mtima, kusiyanaku sadakupange ndi nkhalamba ziwiri zija. Ndipo ndikati asabwere, ndikhala ndikuyankhula chinenero cha anthu omwe adathamangitsa abale athu ku South Africa mu 2008 ndi mu 2015, mpaka boma kutumiza mabasi okawatenga. Tidalira nthawi imeneyo kuti munthu ndi munthu kulikonse komwe ali. Sitingasinthe nyimbo lero chifukwa choti wobwerayo ndi mzungu. Ndani mwa ife sadabwere? Achewa amati adachokera ku Uluba. Angoni a Zwangendaba adaoloka Zambezi mu 1835. Ayao adafika m'mbali mwa nyanja muno m'zaka za m'ma 1800. Kusamuka si tchimo. Nayenso nkhalamba yofunsa za chipatala isanasankhe pokhala siyikulakwa. Ikungodziwa msinkhu wake.

Madzulo ake, tikudya nsima ya usipa pakhonde, ndidawafotokozera azakhali za kope lija. Adamvetsera mpaka kumapeto, kenaka adafunsa:

"Nanga za maliro alembamo?"

"Maliro a yani, azakhali?"

"A anthu omwe akawapeze kumeneko. Pakagwa zovuta pamudzi, iwo adzapita kukakhala nawo pasiwa? Nanga iwowo akadzamwalira adzawaika ndani? Iwe mwana wa achimwene, munthu sasankha mudzi poyang'ana mpopi. Agogo ako atafika kuno adalibe mbale ndi mmodzi yemwe. Mwezi usadathe kudagwa maliro kwa anthu a ku Mulanje omwe adali munda wachitatu kuchokera pathu. Adapita kukakumba nawo manda. Tsiku limenelo ndi lomwe adakhala munthu wa pa Chinguluwe, osati tsiku lomwe adalandira munda."

Ndidakhala chete. Mzere womwe ndinkausowa m'kope muja azakhali adautchula ndi dzina. Mizere yonse isanu ndi iwiri inkafunsa chomwe malo angawapatse alendowo. Panalibe ndi umodzi womwe wofunsa chomwe malowo angafune kwa iwo.

Makolo athu nkhaniyi adaiganizira kale pa mwambo wa chikamwini. Mwamuna amasankha yekha mkazi, inde, koma akalowa m'mudzi mwa eni amadziwa kuti wasankhanso apongozi, alamu, milandu ndi maliro a pamudzipo. Amapatsidwa munda woti alime koma nthaka siikhala yake. Sayamba ndi kumanga mpanda. Amayamba ndi kupereka moni, kufunsa njira ya kudambo, kudziwa kuti uyu ndani ndipo uyo timamutchula bwanji. Ufulu wosankha ali nawo, koma ufuluwo umabwera ndi ngongole. Nawonso eni mudzi ali ndi ngongole yawo, paja mudzi wozunza akamwini umatchuka moipa ndipo ana ake aakazi amasowa owafunsira.

Ndikuona kuti muyeso womwewu ungagwire kwa mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja. Pitani ku Senga Bay mukaone. Alipo alendo omwe akhala zaka zambiri, amayankhula Chichewa chothyokathyoka koma chochokera pansi pamtima, ndipo pamaliro a mlonda wawo amapezeka atakhala pansi ndi anthu. Aliponso ena, ndipo pakati pawo pali Amalawi anzathu a ndalama zawo, omwe mpanda wawo umatsika mpaka kumchenga, msodzi nkumazungulira mtunda wautali kuti akafike pomwe agogo ake ankakocheza bwato. Mu 2022 aphungu adakhwimitsa lamulo pa zogulitsa malo kwa anthu omwe si nzika. Lamulo lingathe kuteteza nthaka, koma silingakakamize munthu kupereka moni.

Wina anena kuti, "Aiwe mlembi, alendowa amabweretsa ndalama, amalemba anthu ntchito, ukufunanso chiyani?" Nzoona, ndipo wophika kapena wosamalira maluwa yemwe adzalembedwe ntchito ndi nkhalamba zija adzathokoza. Koma malipiro ndi malipiro. Nawonso eni minda ya tiyi ankalemba anthu ntchito. Funso langa lili pa tsiku la mavuto. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Munthu yemwe ali ndi pasipoti ya dziko lina m'thumba angathe kunyamuka mafuta akasowa, njala ikavuta, kapena namondwe ngati Freddy wa mu 2023 akagwetsa mapiri. Sindingamuletse, ndipo mwina nditakhala ine ndikadachita chimodzimodzi. Koma pokhapokha atasankha kukhala pomwe akadatha kuchoka, ndi pomwe tinganene kuti mame aja asanduka mvula yolowa m'nthaka.

Ndisadzionetse ngati woyera. Usiku umenewo, ndili gone pamphasa, ndidakumbukira kuti nanenso ndili nalo kope langa, kungoti silolembedwa. Nditalandira dipuloma yanga ndidayerekeza Blantyre ndi Lilongwe: kuli manyuzipepala kuti, lendi yotsika ili kuti, magetsi sazimazima kuti. Chinguluwe sadalowe nkomwe pampikisanowo. Komwe ndimachita lendi ku Lilongwe ndakhalako zaka zisanu ndi chimodzi, koma mayi wa nyumba yoyandikana nane atamwalira chaka chatha ndidangotumiza chipepeso pafoni, ati ndili ndi nkhani yoti ndimalize. Dzina la mfumu ya m'dera lathu sindilidziwa. Ngati mzere wa azakhali uli muyeso, ine ndemwe ndidalakwa mayeso ndisadawapereke kwa azungu.

Mwina ambiri a ife okhala m'tauni tili chimodzimodzi. Timati kwathu ndi kumudzi, komwe timapitako pa Khirisimasi ndi pamaliro a mbale weniweni basi, ndipo m'tauni timati tangobwera kudzagwira ntchito. Mapeto ake kulibe komwe tili ndi ngongole. Ndife matchona m'dziko lathu lomwe.

M'mawa mwake ndidakwera pachulu pomwe netiweki imagwira, ndipo ndidawalembera uthenga alendo aja. Ndidati za kamphepo ka ku Zomba zija aiwale, ndidangoyankha kuti nkhani ithe. Ndidawapempha kuti awonjezere mzere wina m'kope mwawo: malo omwe angakonde kuphunzira chinenero cha anthu ake, kudziwana ndi mfumu yake, ndi kukhala nawo pansi pakagwa zovuta. Mzinda womwe ukhoze pamenepo, ndidatero, ndi womwewo, ngakhale utalakwa pa fumbi.

Adayankha patapita masiku awiri. Mayiwo adati mzerewo aulemba, koma sakudziwa kuti malikisi ake apereke bwanji, popeza mzinda sungawayankhe funso limenelo iwo asadakhalemo. Ndidawauza kuti akunena zoona, malikisi a mzere umenewo amapereka ndi eni mudzi, ndipo amatenga zaka. Komwe adakathera sindidafunse. Ine nditabwerera ku Lilongwe ndidayamba ndi kukagogoda pakhomo la bambo wofedwa uja, chipepeso changa chitachedwa ndi chaka chathunthu. Adandipatsa mpando.