Mawotchi Onyenga Maso: Kodi Chinyengo Chonse Ndi Bodza?

Kumayiko a ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amathera nthawi ndi chuma chawo posonkhanitsa mawotchi akale okhala ndi zifanizo. Mawotchi amenewa ankaikidwa pa shelefu ya pamwamba pa malo osonkhapo moto m'chipinda chochezera, kuti mlendo aliyense awaone. Mwa onsewo, amene eni ake amawanyadira koposa ndi aja olendewera. Chifanizo cha mkazi, cha mlenje kapena cha njovu chimaimirira chitakweza mkono kapena chitamba, ndipo pamenepo pamakolekedwa ndodo yachitsulo, wotchi ili kumwamba, mpira wolemera uli kumunsi. Ndodo yonseyo, pamodzi ndi wotchi yomwe, imapita uku ndi uku mosalekeza, ngati kuti chifanizo chija ndicho chikuigwedeza.

Koma chifanizocho sichichita kanthu ai. M'kati mwa wotchi muli kachitsulo kena kolendewera kobisika, koyendetsedwa ndi sipuling'i imene mwini wake amapukusa ndi kiyi. Kachitsulo kameneka kakamakankhira mbali imodzi, ndodo yaikulu ija imabwezera mbali ina, ndipo diso limanyengedwa. Ku France, mmisiri wina dzina lake Guilmet anatulukira njira ina m'chaka cha 1867: chifanizo chake chinkaima pa kambale kotembenuka pang'ono zedi, mwakuti munthu sangaone, ndipo kutembenukako ndiko kunkayendetsa cholendewera chimene chinali m'dzanja la chifanizo.

Awerengi athu okondedwa, mwina mudzafunsa kuti nkhani ya mawotchi a anthu akutali yalowa bwanji pa tsamba lino. Taitenga chifukwa mawotchiwa anapangidwa dala kuti anyenge, ndipo funso limene amatipatsa ndi lakale kwambiri: kodi kunyenga kulikonse nkunama?

Tiyambe ndi amene anawapanga. Kampani ya Ansonia inayambira ku Connecticut cha m'ma 1850, nisamukira ku Brooklyn, mumzinda wa New York, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870. Inagwira ntchito mpaka 1929, pamene makina ake anagulitsidwa ku boma la Soviet Union. Ku Germany, kampani ya Junghans, yokhazikitsidwa ku Schramberg m'chaka cha 1861, inali itasanduka fakitale ya mawotchi yaikulu kuposa zonse pa dziko lapansi pofika 1903, ndipo njovu yonyamula wotchi ndi chitamba inali imodzi mwa ntchito zake zotchuka. Zifanizo zambiri za makampaniwa sizinali za mkuwa weniweni. Ankaziumba ndi chitsulo chotsika mtengo chotchedwa spelter, chimene mbali yake yaikulu ndi zinki, kenaka nkuzipaka mtundu wa mkuwa, kuti banja la kalaliki kapena la mwini kagolosale likhale ndi chokongoletsera nyumba chofanana ndi cha olemera. Tsono chinyengo chinali pawiri: kugwedeza konamizira, ndi mkuwa wonamizira.

Ife sitipeza tchimo pa ziwiri zonsezi. Augustine Woyera wa ku Hippo, m'buku lake lonena za bodza limene analemba cha m'ma 395, anapatula nthabwala nkunena kuti siziwerengedwa m'gulu la mabodza, popeza kalankhulidwe ka wonenayo kamaonetsa poyera kuti safuna kusokeretsa munthu. Wotchi yolendewera ili ngati mwambi wa ndagi umene agogo amaponyera adzukulu madzulo: wina aliyense akudziwa kuti yankho labisika, ndipo kukoma kwake kuli pa kulifunafuna. Wogula wa mu 1900 ankadziwanso kuti ndi ndalama zochepa zimene wapereka sakanagula mkuwa. Panalibe wobisira mnzake kanthu.

Zinthu zimasintha wotchi yomweyo ikakalamba, nkufika m'manja mwa osonkhanitsa. Pakutha pa zaka zoposa 100, zifanizo zambiri zinathyoka mikono, ndodo zambiri zinasokonekera. Choncho amalonda ena amatenga chifanizo cha wotchi iyi ndi ndodo ya wotchi ina nkuzilumikiza. Anthu a ntchitoyi, mwanthabwala zawo, amatcha wotchi yoteroyo ukwati, ngakhale kuti ndi ukwati wopanda mboni ndi ankhoswe. Palinso mawotchi ochuluka opangidwa m'zaka zaposachedwa motsanzira akale aja, makamaka a Junghans, ena mwa iwo atadetsedwa dala kuti aoneke okalamba. Kulumikiza kapena kutsanzira pakokha si kulakwa. Nkwabwino kuti zidutswa ziwiri zipange wotchi imodzi yoyenda kusiyana ndi kuti zonse zichite dzimbiri m'bokosi. Kulakwa kumalowa pamene wogulitsa akhala chete, nalandira mtengo wa chinthu chenicheni. Pamenepo mwambi uja wa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere umapherezera. Diso la wogula likunyengedwa monga kale, koma tsopano iye sakudziwa kuti pali sewero, ndipo akalidziwa sadzaseka.

Thomas Aquinas Woyera, wa m'zaka za m'ma 1200, anaisanthula nkhaniyi pophunzitsa za kugula ndi kugulitsa. Iye anati wogulitsa chinthu china m'dzina la chinzake, akudziwa, wachita chinyengo ndipo ayenera kubweza. Anatinso chilema chobisika chimene chingaluzitse wogula chiyenera kuululidwa, pamene chilema choonekera kwa aliyense sichikakamiza wogulitsa kuchilengeza, malinga atsitse mtengo moyenera. Aliyense wa ife amene anagulitsapo njinga yowotcherera kapena mbuzi yotsokomola akudziwa bwino lomwe pamene malire amenewa amadutsa, ndi momwe lilime limalemerera pofika pamenepo.

Komatu mphunzitsi yemweyo sanalekere pa wogulitsa. Anatembenuzira mlandu kwa wogula, napereka chitsanzo cha munthu wogulitsa golide akuyesa kuti ndi mkuwa: wogula amene wazindikira, nalipira mtengo wa mkuwa, wagula mosalungama. Apa ndi pamene osonkhanitsa ambiri amapunthwa, ndipo ife tikuona kuti ndi pamene pali yeso lalikulu. Chimwemwe cha ntchito yawo, monga amasimbira okha, ndicho kupeza chinthu chamtengo wapatali pa mtengo wa nkhuku. Amadziwa kukanda pang'ono pansi pa chifanizo kuti aone ngati mkati muli motuwa ngati zinki kapena mwachikasu ngati mkuwa. Amadziwa pofunafuna chizindikiro cha fakitale. Nzeru zimenezi anazivutikira zaka zambiri, ndipo tivomereze kuti mtsutso wawo si wopanda pake: kodi katswiri alibe ufulu wodya thukuta la maphunziro ake? Pakati pa amalonda awiri odziwa ntchito, pa msika wa onse, tikuti ali nawo, ndipo wopenya bwino apindule.

Koma taganizani za mayi wamasiye amene akutulutsa katundu wa malemu amuna ake kuti alipire ngongole za maliro. Pa tebulo waika wotchi ya Ansonia yathunthu, yosalumikiza, ndipo walembapo mtengo wa chidole, chifukwa kwa iye ndi kachifanizo ka fumbi kamene kanaleka kuyenda kalekale. Wosonkhanitsa wafika, waitembenuza, waona chizindikiro. Palibe amene wamfunsa kanthu, ndipo ngati alipira nkuchoka sadzakhala atanena liwu limodzi labodza. Mayi uja akumfunsa ngati angakonde kuti aikulunge m'pepala.