Jivi wa m'labotale ndi masamba a cham'mwamba

Mphwanga, wandiuza kuti kukoleji akupatsa ntchito yoyeza mphamvu ya ma antioxidant m'masamba a cham'mwamba ndi mu ufa wa malambe. Khala apa ndikuuze, poti manja angawa atsuka timachubu ta m'labotale zaka zambiri.

Yambira pamtengo pomwepo. Ukathyola masamba, lemba tsiku, mudzi, ngati ndi nsonga zanthete kapena masamba okhwima, ndiponso ngati unayanika pamthunzi kapena padzuwa. Cham'mwamba cha ku Chikwawa chothyola m'chilimwe sichingafanane ndi cha m'dzinja. Ukapanda kulemba zimenezi, manambala ako adzakhala ngati mbuzi zopanda mwini.

DPPH, mankhwala amene udzayezere mphamvuyo, ukamusungunula mu methanol amaoneka ngati jivi wopaka pazilonda. Ukadonthezamo madzi a masamba, mtunduwo umafwifwa pang'onopang'ono mpaka kusanduka wachikasu, ndipo makina amawerenga kufwifwako pa 517 nm. Njirayi ndi yakale, Marsden Blois anailemba mu 1958, koma munthu waphuma imamugwetsa. Kuwala kumamuwononga DPPH. Kulunga botolo lake, timachubu titsekere m'kabati kwa mphindi 30. Ine tsiku lina ndinatisiya pafupi ndi zenera. Nditaona kuti tafwifwa, mtima unadumpha, ndimvekere ndapeza tsamba lamphamvu zedi. Poyang'anitsitsa, kachubu kamene sindinathiremo masamba nakonso kanali katafwifwa. Ntchito ya sabata yathunthu inalowa m'madzi. N'chifukwa chake ndikuti kachubu kopanda masambako usamakaiwale, chilichonse uziyeza katatu, ndipo pambali pazikhala vitamini C kapena Trolox woyerekezera. Pa IC50, kutanthauza kuchuluka kwa madzi a masamba ofunika kuti DPPH afwifwe ndi theka, usasokonezeke: nambala ikachepa ndiye kuti mphamvu yachuluka.

Tsono imva chimene chandikhazikitsa nawe pansi. Kachubu si m'mimba mwa munthu. Tsamba likalowa m'thupi limagayidwa, zina zimalowa m'magazi, zina chiwindi chimazisintha, zambiri zimangotuluka. Ku America, unduna wa zaulimi unkasindikiza mndandanda wa zakudya motsata muyeso wina wa ma antioxidant wotchedwa ORAC, koma mu 2012 unauchotsa pa intaneti, chifukwa amalonda ankaunyamula ngati umboni woti katundu wawo ndi mankhwala, pamene umboni wotero panalibe.

Kuno kwathu nkhaniyi imandiwawa kwambiri. Uli ndi achibale amene amamwa ma ARV, ena a shuga, ena a BP. Wogulitsa ufa wa cham'mwamba m'timapaketi akangoona pepala lako lili ndi chidindo cha koleji, adzalikweza m'mwamba pamsika, ndipo mayi wina adzasiya mapilitsi ake. Choncho lemba chokhacho chimene waona: madzi a masamba akuti anafwifwitsa DPPH mwakuti. Mawu oti "chimachiza" asapezeke m'lipoti lako. Cham'mwamba ndi ndiwo yabwino, malambe ali ndi vitamini C wambiri, anthu azidya ndithu. Zimenezo uzinene mosaopa.

Loweruka ukamabwera utenge kope lako lolembamo. Ndikufuna ndione pamene unalemba za kuyanika masamba, kenako tiwerengere limodzi IC50 wako.