KODI LUSO LICOTSA MLANDU?

Taganizani za mnyamata wophunzira kusula mfuti yaing'ono ya m'manja. Atha masiku ambiri ndi tupa, napala citsulo pang'ono pang'ono kufikira cigawo ca pamwamba citayenda bwino pa thunthu lace, osagwedera, osakakamira. Mfuti yotere ikalira, mphamvu ya wonga ikankhira cigawoco m'mbuyo, nicitaya khoko, nicilonga cipolopolo cina. Luso lotere ndi mphatso ya Mulungu. Koma kodi licotsa mlandu?

John Browning anaphunzira nchito imeneyi kwa atate ace ku Ogden, m'dziko la America, nakhala mmisiri womveka. Mfuti ya mtundu umene iye anaukonza, yosulidwa ku Belgium, ndiyo imene Gavrilo Princip anaphera Franz Ferdinand ku Sarajevo pa 28 June 1914. Patapita mwezi umodzi, nkhondo yaikuru inabuka.

Sitinena kuti Browning anapha munthuyo. Chimo liri mu mtima wa woombayo, ndipo Eklezia saletsa munthu kuteteza moyo wace. Komabe mmisiri sangasambe m'manja monga Pilato, pakuti khasu lisulidwira kulima, mfuti isulidwira kulasa. Tsono wophunzirayo akafunsa ngati zitsulo zagwirana bwino, afunsenso kuti mfutiyo adzaipereka kwa yani, ndi cifukwa ciani.

Mmisiri amene aphunzitsa funso loyamba lokha wanola manja a mwana, nasiya mtima wace uli ndi dzimbiri. Inu aphunzitsi, pofotokoza lamulo lacisanu, musaiwale funso laciwirilo.