Kodi Kapitao wa Cuma ca Cifundo Alandire Zingati?

M'caka ca 2016, ku America, bungwe la Wounded Warrior Project, losamala asilikari opunduka ku nkhondo, linacotsa nchito mkuru wace Steven Nardizzi. Olemba nkhani anali atabukitsa kuti malipiro ace a pacaka anapitirira madola 470,000, ndi kuti anchito ankasonkhana m'mahotela odula.

Tisafulumire kuweruza, abale. Woyendetsa nchito yaikuru cotere ayenera kulandira bwino. Kapitao wosadziwa kusunga mabuku angathe kuononga zoposa malipiro a wanzeru. Koma cobvuta cagona apa. Mai wamasiye wopereka madola 19 pamwezi anamuonetsa cithunzi ca mnyamata woduka mwendo. Hotela sanamuonetse ai. Akadadziwa, kapena akadaperekabe, pakuti anthu sali ouma mtima monga tiganizira. Koma palibe amene anamfunsa.