KODI BEDI ILI N'LA YANI?

Mnzanga wacinyamata, tayerekeza kuti wapita kukazonda odwala. Pa bedi lina pakhala agogo amene dotolo anawauza dzana kuti acira, abwerere kwao. Katundu anamanga kale m'citenje. Pansi pambali pao pagona mnyamata amene akunjenjemera ndi malungo. Kodi bedi limeneli n'la yani?

Mwina uyankha msanga kuti agogowo acoke. Koma acoka bwanji? Kuno ku Chama midzi ili patali. Wocokera kwa Mfumu Chifunda kapena kwa Chikwa, m'cigwa ca Luangwa, ulendo wake ndi wautali, ndipo mitsinje ikadzala m'dzinja galimoto sizifika. Nthawi yomweyo ana ao ali kalikiliki m'minda ya mpunga. Boma linacotsa malipiro m'zipatala zake za kumidzi m'caka ca 2006, koma ndalama yokwerera galimoto ikali mutu wa wodwala. Nthawi zina munthu amangodikira zotsatira za magazi kapena mankhwala opita nao kunyumba. Akawalandira madzulo, galimoto yapita kale, basi wagonanso.

Tsono agogo sanalakwe, mnyamata uja sanalakwenso. Nanga abale? Alipo ena amene amazengereza dala, poti kucipatala nkhalamba ikudya ndi kusamalidwa. Tisafulumire kuwaweruza, pakuti umphawi ndi wowawa. Komabe tinene zoona: katundu amene iwo atula sanagwe pansi, wagwera mwana wa mwini amene wasowa bedi. Ndipo agogowo sapindula. Munthu wocira akakhalitsa m'wodi miyendo imafooka, ndipo angatengereko matenda ena.

Funso lovuta latsala kwa iwe ndi ine. Timapita m'magulu, timaimba, timasiya malalanje, n'kubwerako mitima ili mbee. Kodi tinafunsapo anesi kuti, "Alipo amene watulutsidwa koma alibe womutenga?" Kuzonda wocira n'kumufikitsa pakhomo pake. Ukaperekeza mmodzi wathandiza awiri: wopita kwao ndi wogona pansi uja.

Izi sizifuna cuma cambiri. Wina ali ndi foni yoimbira abale, wina njinga, wina angapereke cibaba ca mpunga kuti gulu ligulitse, ndalama yake ikhale ya ulendo. Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Mukakumana sabata ino, kambiranani izi: ndani wa m'mudzi mwanu amene ali kucipatala lero, ndipo akacira adzapita ndani kukamutenga?