Mwana wa mnzako ngwako yemwe

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye." Makolo ponena izi sankadziwa za MSCE, komabe mwambiwu umawakhala bwino aphunzitsi a m'ma CDSS, kaya ku Mponela kaya ku Ntcheu. A Fomu 4 akamatsanzikana, sakumbukira zikwapu zokha. Amatchula mphunzitsi wa masamu uja wobwera Loweruka pa njinga, choko chili m'thumba la malaya, wosalandira ngakhale tambala, pamene buku limodzi akulimbirana benchi yonse.

Kudya nayeko ndiye kumavuta. Ena amadyadi, mwana uja akadzakhala namwino n'kuwazindikira pamzere wa kuchipatala. Koma ambiri amapuma ntchito ana atabalalikira ku Lilongwe ndi ku Joni, ndipo nambala ya aphunzitsi palibe anaisunga.