Za Macheka a Magetsi

Abale, nayi nkhani yoti tiilingalire. Mmisiri wa matabwa wa ku Chitakale akamva kuti ku Limbe kuli macheka a magetsi a patebulo, amene wina anagwiritsapo kale ntchito, kodi awagule? Ena ati ayang'anitse mota ndi mano ake, nakumbukire kuti magetsi akazima chitsulocho chisanduka gome chabe. Zimenezo nzoona. Ndiponso sitinena kuti kuchepetsa thukuta ndi tchimo; wakucheka ndi sowo adziwa yekha kuwawa kwa phewa.

Koma ife tifunsa china: chitsulo chimenechi chidzadya chiyani? Pakuti matabwa amene manja acheka tsiku lathunthu, icho chiwatha dzuwa lisanakwere, ndipo mwini wake, pokhala ndi ngongole, sadzalola kuti chigone ndi njala. Mkungudza wa m'phiri lathu, umene unatchedwa mtengo wa fuko mu 1984, unatha ndi moto ndi macheka a manja. Powerenga mu 2017 anapeza mitengo yaikulu 7 yokha.

Tsono mmisiri wogula paini kapena bulugama poyera, awagule machekawo. Koma iye amene matabwa ake atsika m'phiri usiku, pamitu pa anyamata, ayambe waleka.